Khomo Limene Ndinatseka ku Kijitonyama

Mkazi wanga anamanga nyumba imodzi yokha pa moyo wake, ndipo si yathu. Ili ku Kijitonyama, kuno ku Dar es Salaam, mu kamsewu kafumbi kuseri kwa masitolo, ndipo mwini wake ndi amalume ake. Iye anaijambula ndi makomo atatu. Lero ili ndi awiri. Linalo ndinatseka ndine ndi konkire, ndipo sindikulemba izi kuti ndipepese kwa wina aliyense.

Tinabwera ku Dar es Salaam titangokwatirana. Ine ndinapeza ntchito ya uinjiniya pa kampani ina yokonza ngalande ndi timilatho, iye n'kumajambula mapulani a nyumba pa ofesi ina m'tauni. Tinkachita lendi ku Ilala, pamwamba pa nyumba yakale imene masitepe ake ankanunkha chinyezi chaka chonse. Kenaka anasankhidwa kupita ku Japan kukaphunzira kwa miyezi ingapo kamangidwe ka nyumba zamatabwa. Pobwera, katundu anali wochepa, koma pakamwa pake panali nyumba imodzi imene sanasiye kuikamba.

Inali nyumba ya msamurai wamkulu. Asamurai anali asilikali a mafumu a kumeneko kalekale, ndipo nyumbayo amaisunga mpaka lero monga inalili, m'tauni yaing'ono yomangidwa mozungulira linga la mfumu. Anandiuza kuti akuluakulu ankamanga pafupi ndi lingalo, ang'onoang'ono kutali, moti ukangoona pamene munthu akukhala, udindo wake wadziwa kale. Misewu anaikhotetsa dala kuti mdani asaone patali. Ankandionetsa zithunzi pa foni, koma zithunzizo sizinkamukwanira. Tikatha kudya ankatenga masipuni, bokosi la machesi ndi kabotolo ka mchere, n'kumanga nyumbayo patebulo.

"Taonani," ankatero. "Ili ndi khomo la alendo. Lalikulu, lokhala ndi kadenga kakekake, ndi sitepe yathabwa yotambalala moti mlendo akabwera pa machira, ankatsikira pomwepo, phazi osaponda dothi. Mwini nyumba sankalowera apa."

"Nyumba yake yomwe?"

"Yake yomwe. Linkatsegulidwa pokhapokha akabwera munthu womuposa."

"Ndiye kwathu kuno lingamatsegulidwe tsiku ndi tsiku. Aliyense amatiposa, kuyambira alandilodi."

"Inu khalani chete, mukugwetsa mpanda wanga."

Khomo lachiwiri linali cham'mbali, laling'ono bwino, lolowera mwini nyumba ndi banja lake. Lachitatu linali la kukhitchini, lopapatiza ndi lalifupi, lolowetsera nkhuni ndi madzi, ndipo pansi pake panali pa dothi. Kuchokera pamenepo, pansi pa nyumba pankakwera pang'onopang'ono, chipinda ndi chipinda, mpaka kufika m'chipinda cha alendo chimene chinali chokwera kuposa zonse. Siling'i inali yotsika kuti munthu asathe kukweza lupanga m'nyumba. Kuseri kwa khoma la chipinda cha alendo kunali kachipinda kobisalamo alonda. Ine zimenezi ndi zimene zinkandisangalatsa, koma iye chinamugwira mtima chinali china. Makoma ambiri a m'kati anali zitseko zokankhira cham'mbali, za pepala ndi timatabwa. Nthawi yotentha ankazikankha zonse, mphepo n'kulowera khomo lam'mbali lija, n'kudutsa m'nyumba monse kukatulukira kukhonde loyang'ana ku kadimba ka maluwa.

"Ndinakhala pakhonde paja mpaka mlonda anandithamangitsa," anatero. "Nyumba imapuma, abale. Ife timamanga mabokosi, kenaka n'kumalira ndi kutentha."

Amalume akewo ndi munthu wamtali, wathupi, wa malole ambiri oyenda pakati pa doko la kuno ndi kumudzi. Malolewo amagona pa yadi ina cha ku Ubungo. Ndi iwo mwini mbumba kuchikazi kwanga, ndipo ndi iwo anaphunzitsa mkazi wanga bambo ake atamwalira, zimene sankalola munthu kuiwala. Ine ankanditchula kuti akamwini pakakhala anthu achilendo, ndipo pakakhala achibale okhaokha ndinali "aenjiniya a ngalande". Lamulungu lina titapita kukawaona, mkazi wanga anawaonetsa zithunzi zija. Za mphepo sanamve n'komwe. Atangomva za makomo atatu anamenya tebulo.

"Nyumba yodziwa kusiyanitsa anthu! Imeneyi ndiye nyumba. Puloti ndili nayo ku Kijitonyama. Undimangire yoteroyo, mwana iwe, anthu adziwe kuti sukulu yako sinapite pachabe."

Anasangalala ngati mwana. Kuofesi kwake ankangojambula zimene ena aganiza, ndipo aka kanali koyamba kuti khoma liime pamene iye wanena. Sanakopere nyumba ija ndendende. Makoma akunja anali a mabuloko, m'malo mwa pepala anaika waya wotchinga udzudzu, ndipo sitepe ya alendo anaipanga ya mlombwa, umene amisiri akuno amati mninga. Chitseko chachikulu chinali chokankha, chopanda loko kunja, chotseka ndi mpiringidzo m'kati, chifukwa khomo lotero amatsegulira mlendo ndi munthu wa m'nyumba. Khomo lam'mbali analiika mbali imene mphepo ya kunyanja imachokera masana. Makoma atangoima, ankakonda kuima pa mpata umenewo atatambasula chitenje kuti aone mmene chikukupizira. La kukhitchini analisiya lopapatiza ndi lalifupi monga analionera, lotulukira mu kampata ka pakati pa nyumba ndi mpanda.

"Apa munthu wamkulu sangadutse osawerama," ndinamuuza.

"Adzadutsapo ndani? Makala ndi gasi basi."

Amalume anali ndi changu. Anafuna kuti mbali ya alendo ithe msanga, chifukwa kunkabwera anthu ena olemekezeka ochokera ku Lilongwe amene ankafuna kuchita nawo bizinesi. Choncho khomo lalikulu ndi chipinda cha alendo zinatha, khitchini inali yoti n'kuphikamo, koma mpata wa khomo lam'mbali unali wokhomedwa ndi malata, kunja kwake ataunjikako mabuloko. Nthawi imeneyo mkazi wanga anali ndi pakati, mimba ikuoneka. Amalume anamuitana kuti adzafotokozere alendo za nyumbayo. Alendo atafika, anafotokoza ndi amalume okha, iye n'kutumizidwa kukhitchini kukathandiza azakhali, akazi awo a amalumewo.

Ndinali nditakhala kumapeto kwa chipinda cha alendo pamene azakhali anandikodola. Ndinamupeza ali pansi, atatsamira kabati, chitenje chitanyowa magazi. Ankayankhula. Anati, "Musachite mantha, ingondinyamulani." Ndinamunyamula. Njira yachidule inali yodutsa m'chipinda cha alendo kukatulukira khomo lalikulu, pamene magalimoto anaima pafupi ndi sitepe. Nditatembenuka, ndinapeza amalume ataima pakhomo la m'kati, atakankha chitseko kumbuyo kwawo n'kuchigwira ndi dzanja.

"Zachizimayi izi, akamwini. Simungadutse nazo pamaso pa alendo akudya. Tulukirani uku."

"Amalume, chonde."

"Ndati tulukirani uku. Musachite phokoso."

Iwo anali ndi dzanja pa chitseko, ine manja onse awiri anali ndi mkazi wanga. Pakhomo la kukhitchini sindikanadutsa nditamunyamula chopingasa. Ndinamugoneka pansi, azakhali n'kugwira miyendo, ine m'khwapa, n'kumutulutsa chotalika monga amatulutsira thabwa. Mu kampata muja munali zidebe, matabwa ndi matumba a simenti. Phewa lake linakhulika kukhoma, ndipo anapepesa, sindikudziwa kwa ndani. Titafika kutsogolo, galimoto yathu inali itatsekeredwa ndi ya alendo, dalaivala wawo atapita kukadya kumsewu. Ndinauza azakhali kuti akapemphe makiyi ena kwa eni ake. Analowa, n'kutuluka opanda kanthu. Sanandiyang'ane. Tinapita pa bajaji, kagalimoto ka mawilo atatu kaja, mu mdipiti wa magalimoto a masana.

Anamwalira kuchipatala dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi mwana. Adokotala sananene kuti tikanafulumira akanachira. Ine sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene anajambula khomo lalikulu lija, amene anasankha thabwa lililonse la sitepe ija ndi manja ake, anakanizidwa kudutsapo tsiku limene ankafa, kuti anthu asasiye kutafuna.

Maliro tinakaika kwawo ku Dedza. Galimoto yonyamula thupi anapereka ndi amalume, ndipo ulendo wonse, kudutsa Mbeya mpaka kuoloka Songwe, ankaimbira anthu foni kuwauza zimenezo. Pamaliro anayankhula ndi iwo monga mwini mbumba. Anati mwana wawo anagwa mwadzidzidzi ndipo iwo anathamanga naye mmene akanathera. Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, amene ndi mlongo wawo wamkulu wa amalumewo, anawagwadira pamaso pa anthu n'kuwathokoza chifukwa chobweretsa mwana wawo kumudzi. Ine ndinakhala pa benchi pakati pa azibambo, n'kumayang'ana nsapato zanga.

Mwambo utatha ndinatengera pambali ankhoswe anga, achimwene a mayi anga, n'kuwauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zowawa," anatero. "Koma iwe ndiwe mkamwini. Sungapite kwa apongozi ako kukaneneza mlongo wawo, maliro ali chonchi. Adzati chisoni chakuzunguza mutu, ndipo iwe ndi amene udzakhale wopanda khalidwe. Mboni yako ndi mkazi wa amalume omwewo, ndiye ukuganiza kuti anganene? Mlandu wa pa mbumba ya eni suyambitsa ndiwe. Akadzakufunsa, udzayankhe. Asanakufunse, khala chete."

Ankaganiza kuti akunditsekera nkhani. Ine ndinamvapo china. Ndinabwerera ku Dar es Salaam ndikuganiza za chinthu chimodzi: ndingatani kuti apongozi anga andifunse okha?

Patapita nthawi amalume anandiimbira.

"Aenjiniya, moyo uyenera kupitirira. Mafundi, amisiri aja, aima, akuti mapulani a malemuwa sakuwamvetsa. Inu munkagona nawo mapulaniwa. Bwerani mudzamalize, chikhale chikumbutso chake."

Ndinavomera msangamsanga moti iwo omwe anadabwa.

Choyamba ndinawauza zoona. Ndinawakumbutsa kuti m'nyumba ya msamurai, mwini wake salowera khomo la alendo. Limatsegulidwa akabwera womuposa basi. Ndinanena zimenezi pa yadi ya ku Ubungo, madalaivala awo akumva, ndipo ndinadzanenanso pakati pa anzawo a kutchalitchi. Anaikonda nkhaniyo. Posakhalitsa ankaikamba okha, akuwonjezera.

"Khomo limenelo, mu Dar es Salaam muno, oti ndingawatsegulire sakwana dzanja limodzi. Ine ndemwe sindidzapondapo. Ndi mwambo wa mafumu umenewo."

Chachiwiri anandipatsa okha. Madzi kuno amavuta, ndiye nyumba iliyonse imafuna thanki. Mkazi wanga anaika thanki pa nsanja yakeyake kumbuyo, kutali ndi nyumba. Amalume anafuna malo amenewo kuti amangepo zipinda za lendi, ndipo anafunanso thanki yokulirapo. Anandifunsa ngati ingakhale pamwamba pa nyumba. Ndinati ingakhale. Panali malo angapo amene ikanakhala popanda kuononga kanthu. Ine ndinasankha pamwamba pa khomo lam'mbali.

"Koma pansi pake pafunika khoma lolimba, la konkire ndi zitsulo, lopanda mpata," ndinawauza.

"Nanga khomo lija?"

"Lichoka. Kapena thanki ichepe."

"Thanki siichepa. Makomo alipo ambiri."

Sanafunse kuti atsala angati, ndipo ine sindinawawerengere. Ndinalimbitsanso khomo la kukhitchini: mizati ya konkire mbali zonse ziwiri, mtanda wa konkire pamwamba, mapaipi onse ochokera ku thanki n'kudutsa mmenemo. Sindinalichepetse ngakhale pang'ono. Ndinalisiya monga linalili tsiku lija, koma loti munthu asadzalikuze popanda kugwetsa mbali yonse ya nyumbayo.

Tsiku lothira konkire ndinafika m'mawa amisiri asanayambe. Anali atachotsa malata aja, zitsulo zitamangidwa kale, matabwa a mbali imodzi ataima. Ndinakhalapo mpaka mphepo ya kunyanja inayamba. Inalowa pakati pa zitsulozo, inadutsa m'nyumba monse, ndipo ndinamva pepala la simenti likugudubuzika kukhonde la kumbuyo. Zonse zimene ankanena zinali zoona. Nyumba yake inkapuma. Ndinadziwa kuti ndikatseka pamenepo, sipadzakhalanso munthu wodziwa kuti mkazi wanga ankadziwa ntchito yake. Anthu azidzangoti anamanga nyumba yotentha, ya makomo opusa. Mmisiri wamkulu anandifunsa m'Chiswahili ngati ndatsimikiza, poti pa pulani pali khomo. Ndinamuuza kuti atseke matabwa a mbali inayo. Ndinaimirira pomwepo mpaka ndowa yomaliza.

Amalume analowa m'nyumbayo ndi phwando. Alendo analowera khomo lalikulu, akuvula nsapato pa sitepe ya mlombwa, akuyamikira. Mwini nyumba anazungulira. Ndinaima pakona n'kumawaona akuyenda cham'mbali mu kampata kaja, mimba ikukhuza mpanda, kenaka n'kupinda msana, kulowetsa mutu, phewa limodzi, kenaka linalo. Tsiku limenelo anaseka. Sabata yotsatira anali ndi chotupa pachipumi.

Akanatha kumauza wantchito kuti aziwatsegulira kutsogolo, ndipo anayesa. Koma nkhani ija anali ataikamba kwambiri. Dalaivala wina anawaona akukwera sitepe ya alendo, ndipo mawa lake pa yadi panali kufunsana mokweza kuti, "Kodi dzulo kwa abwana kunabwera ndani wowaposa?" Mnzawo wina wa kutchalitchi anawafunsa ngati ufumu uja watha. Anabwerera kukhitchini. M'mawa ndi madzulo, munthu wa malole ambiri ankalambalala thumba la makala n'kuwerama pamalo pamene ndinagoneka mkazi wanga.

Kutentha kutafika anandiimbira.

"Aenjiniya, nyumba yanuyi ndi uvuni. Magetsi akazima sitigona. Ndiponso khomo ili landitopetsa. Bwerani mudzaboole pamene panali khomo paja."

"Sizingatheke, amalume. Pamwamba pali thanki."

"Ndiye kuzani la kukhitchinili."

"Ndi limene lagwira denga la mbali imeneyo, ndipo mapaipi ali momwemo."

Anaitana injiniya wina, Mtanzania, amene anagogoda makoma n'kuwauza zomwezo: kuti ntchitoyo inagwiridwa bwino kwambiri, ndipo kuti aboole ayenera kutsitsa thanki, kusasula denga ndi kusamuka kwa miyezi. Ndikukhulupirira kuti pamenepo anadziwa. Sanandifunse chifukwa chake, popeza kufunsa kukanafuna kuti atchule tsiku lija. Anangosiya kunditchula kuti aenjiniya a ngalande. Ankati akamwini, ngakhale tili awiri.

Zimenezo zinandikoma, koma sizinandikwanire. Kumudzi anali adakali munthu amene anathamanga ndi mwana wa mlongo wake.

Nthawi yosudzula itakwana ndinapita ku Dedza. Uwu ndi mwambo umene akuchikazi amamasula mwamuna wofedwa kuti akhoza kupita kwawo n'kudzakwatiranso. Anandimasula ndi mawu abwino. Pomaliza apongozi anga, akuyankhula kudzera mwa ankhoswe monga mwa ulemu wathu, anati ali ndi pempho limodzi. Anamva kuti mwana wawo anasiya nyumba ku Tanzania, ndipo ankafuna kuiona ndi maso asanafe. Ndinati ndikonza zonse. Amalume sakanakana popanda kupereka chifukwa.

Anabwera pa basi, ulendo wawo woyamba kutuluka m'Malawi. Ndinakawachingamira. Anakhala kumpando wa kumbuyo, ine ndikuyankha mafunso awo maso ali kutsogolo. Tinafika ku Kijitonyama masana, amalume asanabwere ku yadi. Azakhali anachotsa mpiringidzo n'kukankha chitseko chachikulu, poti mlendoyo anali mkulu wa amuna awo. Apongozi anavula nsapato, anaponda sitepe ija, kenaka anagwada n'kuisisita ndi chikhatho.

"Ndi mwana wanga anaganiza zimenezi?"

"Ndi iyeyo, amayi."

Anakhala pa mkeka m'chipinda cha alendo, ine kutali pafupi ndi khomo. Chifukwa cha kutentha, zitseko zonse za m'kati zinali zokankhidwa, moti kuchokera pamene anakhala ankaona mpaka kukhitchini. Zimenezo sindinakonze ndine, koma ndinkaziyembekezera. Tinamva galimoto, kenaka mapazi mu kampata. Kuwala kwa pakhomo la kukhitchini kunatsekeka. Unayamba kulowa mutu, kenaka phewa, kenaka munthu yense akupuma mwaphokoso, foni ili kumanja.

Apongozi anaseka, koyamba chifikireni.

"Achimwene, mwaba chiyani kuti muzilowera kuseri? Nyumba yonseyi, inu kumakwawa ngati mukulowa m'khola la mbuzi?"

"Takulandirani, achemwali. Ndi mamangidwe a ku Japan amenewo."

"A ku Japan ndiye alibe misana? Mwana wanga sangamange zoterozo. Ndimamudziwa."

Amalume anapukuta thukuta. Anali atatopa, atachita manyazi pamaso pa mlongo wawo, ndipo anayankha asanaganize.

"Afunseni akamwini anuwa. Anamaliza ndi iwowa."

Apongozi anatembenuzira nkhope cha kumene ndinali, maso ali pa mkeka.

"Akamwini, mwana wanga ndiye anajambula chonchi?"

"Ayi, amayi. Iye anajambula khomo lina apo, pamene pali khoma lopanda zenerapo. Ndinatseka ndine."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinadikira funso limenelo kuyambira pa benchi ya pamaliro. Ndinkaganiza kuti likadzabwera ndidzakuwa. Koma ndinayankhula motsitsa, ngati ndikufotokoza za ngalande. Ndinawauza pamene mwana wawo anagwa. Ndinaloza chitseko chimene mlongo wawo anagwira, ndipo ndinabwereza mawu amene ananena, osawonjezera, osachotsera. Ndinawauza mmene tinamutulutsira, za phewa lake, za makiyi amene sanabwere, za bajaji. Ndinawauzanso kuti adokotala sananene kuti akanachira, chifukwa sindinkafuna kuti padzapezeke bodza ngakhale limodzi loti amalume adzagwirepo.

"Ndinafuna kuti azidutsa pamene anamudutsitsa," ndinamaliza choncho.

"Achemwali, munthuyu chisoni chamusokoneza," anatero amalume. "Panali alendo akuluakulu. Inu mukudziwa kuti zinthu zotere sizionetsedwa kwa amuna. Ndinachita mwa mwambo wathu."

Apongozi sanawayang'ane. Anaitana azakhali, amene anali ataima kukhitchini ndi thireyi ya makapu.

"Mulamu, inu munalipo. Makiyi aja munapempha?"

Azakhali anaika thireyiyo pansi.

"Ndinawanong'oneza abambowa," anatero. "Anati alendo amalize kaye kudya."

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anadutsa pafupi ndi mlongo wawo ngati akudutsa mzati, anatsika zipinda zija chimodzichimodzi mpaka kukhitchini, n'kuima pakhomo paja. Iwo ndi aafupi, sankafunika kuwerama. Anagwira mbali zonse ziwiri ndi manja, kuyeza. Kenaka anatuluka opanda nsapato, n'kuyenda mu kampata monse, dzanja limodzi likukhudza khoma. Amalume anawaitana kawiri. Ine ndinatulukira kutsogolo, n'kutola nsapato zawo pa sitepe.

Ndinawapeza ataima pa geti. Ndinaika nsapatozo pansi n'kubwerera m'mbuyo. Anavala, ndipo kwa nthawi yoyamba kuyambira pamene ndinakwatira mwana wawo, anandiyang'ana m'maso.

"Muno sindigona ndipo sindimwa madzi. Mundipezere pena."

"Chabwino, amayi."

"Ndinawagwadira, akamwini. Pamaso pa mudzi wonse."

Anayang'ana nyumba ija nthawi yaitali, thanki yakuda ili pamwamba, khoma lopanda khomo lili pansi pake.

"Koma nanunso mwandilanda. Ndinabwera kudzaona nyumba ya mwana wanga, ndapeza ya mkwiyo wanu. M'katimo mpweya mulibe. Iye sakanamanga choncho."

"Sakanamanga choncho."

"Mudzatsegula?"

"Ndikudziwa katsegulidwe kake, ndipo ndingagwire ntchitoyo ndi manja anga. Amalume akadzapita ku Dedza n'kukanena okha zimene anachita, pamaso pa anthu amene anawathokoza aja, mawa lake ndidzatsitsa thanki."

Apongozi anapukusa mutu.

"Ndiye idzakhala yotseka nthawi yaitali. Achimwene anga ndimawadziwa, ndinawabereka kumsana ndine."

Anatsegula okha chitseko cha galimoto n'kukhala kumbuyo. Ndinawapititsa kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Ilala, ndipo anagona kumeneko mpaka tsiku lobwerera. Atafika kumudzi anaitanitsa abale awo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, popeza ine ndinasudzulidwa ndipo za mbumba imeneyo sizindikhudzanso. Ndinangomva kuti pokonza zomanga chiliza cha mkazi wanga, simenti imene amalume anatumiza pa lole yawo inabwezedwa pa lole yomweyo.

Mpaka lero amalume sananene. Akukhalabe ku Kijitonyama, ndipo ine sindinasamuke mu mzinda uno, ngakhale ntchito ina inapezeka ku Blantyre. Ndikudikira.